Mayi Ozella ndi Mwana Wosadziwa Kukana

M'boma lathu lino, kum'mwera kwa Alabama, ukakumana ndi munthu wandevu zake amene amayankha kuti "inde mayi" funso lisanathe n'komwe, dziwa kuti ameneyo anakwerapo basi ya Mayi Ozella Crumpton. Mayiwa anayendetsa basi yachikasu ya ana asukulu kwa zaka zoposa makumi atatu, m'misewu yafumbi lofiira yodutsa pakati pa minda ya mtedza, ndipo lamulo lawo linali limodzi lokha. Mwana akafunsidwa kanthu n'kungoti "eee" kapena kugwedeza mutu, basi inkaima pomwepo, injini ikulira, ana onse ali zii.

"Wati chiyani? Ine chilankhulo cha mbuzi sindinaphunzire."

"Inde mayi."

"Eya! Tsopano ndamva kuti ndanyamula munthu."

Ankanyadira zimenezi ndipo sankabisa. Amakanika, anamwino, abusa, apolisi, ngakhale woweruza wa khoti lathu la ana, a Dewey Calloway, onsewo anakulira pansi pa galasi lawo lalikulu lija loonera kumbuyo. Za a Calloway ankati anali kamwana kamamina kosachedwa kulira, ndipo ankanena zimenezi pagulu, mwiniwake ali pomwepo.

Maondo atayamba kuvuta, basi anaisiya. Chaka chomwecho amuna awo anatisiya, nyumba n'kuwakulira. Munthu wozolowera phokoso la ana m'mawa ndi madzulo sangakhale ndi wailesi yokha. Ndiye Lamlungu lina kutchalitchi atalengeza kuti khoti likufuna anthu odzipereka oti aziyankhulira ana olandidwa kwa makolo chifukwa cha nkhanza kapena kusasamalidwa, Mayi Ozella anakweza dzanja chilengezo chisanathe. Ntchito yake ndi yoti amakupatsa mwana mmodzi, uzimuyendera, uzicheza ndi aphunzitsi ake ndi abale ake, kenako ukaime pamaso pa woweruza n'kunena chimene ukuona kuti chimuthandiza mwanayo. Malipiro palibe, ndipo galimoto ndi yako.

"Iwe Ozella, ukalamba wakulowa m'mutu eti?" anatero mkulu wawo Verlie. "Ana a eni anakudya maondo, tsopano ukufuna akudyenso mtima?"

"Nanga mtimawo ndiusungire chiyani? Ndidzaukazinge?"

Anaphunzira ntchitoyo, nakalumbira pamaso pa Dewey yemweyo atavala mkanjo wake wakuda. Atafunsidwa ngati akulonjeza, anayankha kuti "inde bwana," ndipo onse awiri anayang'ana kumbali kuti asaseke.

Ana angapo anadutsa m'manja mwawo, ena anabwerera kwa makolo, ena anapeza makomo atsopano. Koma anthu kuno akamakamba za Mayi Ozella amakamba za Lanie.

Lanie anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, wowonda, wamaso akuluakulu. Mayi ake anamwalira, bambo ake sankadziwika kumene anali, choncho ankaleredwa ndi amalume ake, a Hoyt Grimsley, ogulitsa matayala komanso mkulu wa mpingo wa kutsidya kwa njanji. Mphunzitsi wina anaona mikwingwirima kumbuyo kwa miyendo ya mwanayo, ina yatsopano, ina yakale, ndiye boma linamutenga n'kukamusungitsa kwa banja la a Tolbert. A Hoyt sanakane. Anati dzanja linangolemera, anapita ku maphunziro onse a kaleredwe amene anawalamula, mpaka anapenta chipinda cha mwanayo. Khoti linati anthu akadzatha kukolola mtedza, lidzagamula ngati Lanie abwerere kwa amalume akewo kapena ayi.

Tsiku loyamba Mayi Ozella anafika kwa a Tolbert ndi kathumba ka mtedza wophika ndi makoko ake, wamchere, ukadali wofunda. Anakhala pakhonde pambali pa mwanayo, onse awiri atayang'ana kumsewu. Zimenezi anaphunzira pa basi, kuti mwana salankhula ukamamuyang'ana m'maso.

"Umadya mtedza wophika?"

"Inde mayi."

"A Tolbert akukusunga bwino?"

"Inde mayi."

Mtima wa Mayi Ozella unangoti myaa. Madzulo ake anamuimbira Verlie. "Mwana woleredwa, ndikukuuza iwe! Masiku ano wotere ungamupeze kuti? Amalume akewo kaya analakwa zotani, koma ulemu anamuphunzitsa."

Anakawaonanso a Hoyt. Pabalaza panali poyera, tiyi wozizira wotsekemera anabwera m'tambula yaikulu, ndipo anagwirizana bwino kwambiri kuti ana a masiku ano alibe mwambo. "Pakhomo panga, mayi, mwana woyankha akuluakulu sanabadwe," anatero a Hoyt, ndipo Mayi Ozella anagwedeza mutu movomereza. Kunena zoona, mtima wawo unali utapendekera kale kwa bamboyo. Nanga mwiniwake wa nkhani sanali kuvomera? Mayi Renfroe a ku ofesi yosamalira ana anamufunsa Lanie ngati akufuna kubwerera kwa amalume, iye anati inde mayi. Dokotala anafunsa, anati inde bambo. Mayi Ozella nawonso anafunsa, yankho linali lomwelo.

Chimene chinawatsegula maso ndi nsapato. Loweruka lina anapeza Lanie akusewera pabwalo, namuitana kuti abwere pakhonde. Munthu amene waona ana akukwera masitepe a basi moyo wake wonse amadziwa kakweredwe ka mwana amene akumva ululu. Lanie ankapondera m'mbali, milomo atailuma, atavala nsapato zoyera zatsopano zimene Mayi Tolbert anamugulira.

"Tavula nsapatoyo ndione."

Sokosi inali itamatirira kuchidendene ndi magazi ouma. Mayi Tolbert, amene ankabwera ndi tiyi, anatsala pang'ono kugwetsa matambula.

"Ambuye! Koma ndinamufunsa m'sitolo muja! Ndinati zikukukwana? Anati inde!"

Mayi Ozella anagwada, maondo aja akulira.

"Lanie, nsapatozi zikukuthina?"

"Inde mayi."

"Zikukukwana bwinobwino?"

"Inde mayi."

"Kapena zakukulira?"

"Inde mayi."

Mwanayo sankaseka ayi. Ndipo sankawayang'ana kumaso, ankayang'ana manja awo. Dzanja likasuntha pang'ono, maso ake ankalitsatira.

Tsiku limenelo Mayi Ozella anabwerera kwawo wailesi ya m'galimoto ili chete. Atafika anaima pansi pa mtengo n'kukhala momwemo osatsika. Manyazi anawagwira, ndipo anapsa mtima, osati ndi a Hoyt okha koma ndi iwo eni. Iwo, Ozella Crumpton, anaombera m'manja mantha a mwana n'kuwatcha ulemu, ndipo anangotsala pang'ono kukauza khoti kuti amubweze. Anaganizanso za ana onse aja a pa basi, kuti mwa iwo angati ankayankha choncho chifukwa choopa za kunyumba. Kenako anatsika n'kukaphika.

Vuto linali lakuti sakanatha kumuuza Lanie kuti akane. Lamulo la ntchito yawo ndi lolimba pamenepa, woyankhulira mwana saika mawu m'kamwa mwa mwana. Komanso iwo anaona kuti akanamuuza kuti "ukakane," Lanie akanati "inde mayi" n'kukakana chifukwa watumidwa. Kukana kotumidwa n'kuvomera komweko.

Anayamba ndi nthabwala. "Galu wa a Tolbert uyu amawerenga nyuzipepala eti?" Inde mayi. "Ine ndine kamtsikana ka sitandade wani, si choncho?" Inde mayi. Nthabwalazo zinkangofera pakhonde pomwepo. Tsiku lina akuswa mtedza uja, magalimoto onyamula zokolola akudutsa, anafunsa motsitsa mawu, maso ali kumsewu.

"Pali mawu ena aja amene anthu amanena akakhala kuti sakufuna. Umawadziwa?"

"Inde mayi."

"Nanga ako ali kuti?"

"Amakhala kuseri kwa chitseko."

"Chitseko chiti, mwanawe?"

"Cha kukhitchini. Pamsomali, pamene pamakhala lamba."

Atangotero anadzaza mtedza m'kamwa.

Mayi Ozella anathamangira kwa Mayi Renfroe. Mtsikanayu ndi wolimbikira ntchito, ndipo anamvetsera mpaka misozi inalengeza. "Mayi Ozella, ine ndikukumvani," anatero. "Koma za lambazo bamboyo anavomera kale, akuti anamutaya, ndipo zonse zimene khoti linalamula wachita. Lamulo limafuna mwana akhale ndi abale ake. Mwanayo wavomera kwa anthu atatu, mmodzi mwa iwo ndinu. Ndikanena kukhoti zimene mwandiuzazi, koma musayembekezere zambiri."

Apa m'pamene Mayi Ozella anayamba khalidwe limene linadabwitsa boma lonse. Anati ngati mwana sangauzidwe, aone yekha. Ulendo wotsatira Mayi Tolbert atabweretsa chitumbuwa chawo cha mbatata, chimene Mayi Ozella sanachikanepo chibadwire, iwo anakweza dzanja.

"Ayi, zikomo. Sindikufuna."

"Mukudwala?" anadabwa Mayi Tolbert.

"Ndili bwino. Kungoti sindikufuna basi."

Lanie anasiya kutafuna. Maso ake anathamangira pa manja a Mayi Tolbert. Manjawo anangonyamula mbale n'kubwerera nayo m'nyumba. Mayi Ozella anaweramira kwa mwanayo.

"Waona? Ndafa ngati?"

"Inde mayi," anatero Lanie.

Mayi Ozella sanadziwe kuti aseke kapena alire. Koma sanafooke. Anawatsina khutu a Tolbert, ndipo kuyambira pamenepo pakhonde paja panasanduka pokanira. Bambo Tolbert akati, "Mayi Ozella, tasunthani galimoto yanu ndituluke," iwo ankati, "Ayi, mthunziwo ndaupeza ndine, dutsani mbali inayo," bamboyo n'kuzunguliradi akung'ung'udza. Tsiku lina abusa awo enieni, amene sankadziwa kanthu, anaima pamsewu n'kufuula kuti, "Mayi Crumpton, Lachisanu mutikazingira nsomba kutchalitchi monga mwa nthawi zonse?" Iwo anayankha kuti, "Ayi abusa, chaka chino ayi!" Abusa anakhala kukamwa yasa, kenako anati chabwino, nayendetsa galimoto akukanda m'mutu.

"Ndafa ngati?"

Ulendo umenewu Lanie sanayankhe. Anawayang'ana kumaso kwa nthawi yoyamba, koma "inde" sanatuluke. Mayi Ozella anapita kwawo akuimba nyimbo za m'buku njira yonse.

"Ukusangalala chifukwa mwana wakhala chete?" anafunsa Verlie. "Ndipo wawonda iwe. Kukana chitumbuwa kukupha."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, achemwali."

"Nkhonoyo khoti liidikira?"

Verlie amalankhula ngati akubaya, koma apa ananena zoona. Mtedza unakololedwa, minda inayera, tsiku linakwana, ndipo Lanie anali asananene mawu aja ngakhale kamodzi.

Khoti la ana lili m'chipinda cham'mwamba, ndipo tsiku limenelo munkatentha. A Hoyt anabwera atavala suti, anthu a mpingo wawo atadzaza mabenchi awiri kumbuyo kwawo. Lanie anakhala ndi Mayi Tolbert, chifukwa Mayi Ozella anapempha kuti mwanayo akhalepo pa mlandu wake. Loya wa a Hoyt analankhula bwino. Mayi Renfroe ananena maganizo a ofesi yawo, natchulanso nkhawa yawo, koma pomaliza anati chifukwa chomveka chokanizira mwana kupita kwa mbale wake alibe. A Calloway anamvetsera zonse, kenako anatembenuka.

"Zikuoneka kuti mbali zonse zikugwirizana. Mayi Ozella, nanunso mukuvomereza kuti mwanayu abwerere kwa amalume ake?"

Apa zinthu zinafikadi pa mwana wakana phala. Musaganize kuti mayiwa analibe mantha. Iwonso anakula akuuzidwa kuti munthu wa mkanjo wakuda satsutsidwa, ndipo chiyambireni ntchitoyi anali asanaimepo okha kutsutsana ndi chipinda chonse. Anagwira tebulo, nadzuka pang'onopang'ono, natulutsa mawu aja a pa basi, omveka mpaka mpando womaliza.

"Ayi bwana."

Kumbuyo kwawo anamva kampweya kakukokedwa mwadzidzidzi. Anali Lanie. Mwanayo anali atagwira benchi ndi manja onse awiri, maso ali pa dzanja la woweruza, pamene panali kanyundo kake kathabwa. Kukana chitumbuwa n'kwina, koma uyu anali bambo wamkulu wa nyumba yonseyo. Dzanja la a Calloway linasuntha, linadutsa kanyundo kaja, n'kukatenga tambula ya madzi.

"Chabwino," anatero atamwa. "Tiuzeni chifukwa chake."

Mayi Ozella anafotokoza za nsapato, za mafunso atatu otsutsana amene anayankhidwa ndi inde yemweyo, ndi za msomali wa kuseri kwa chitseko. "Bwana, theka la anthu m'chipinda muno ndinawaphunzitsa ndine kunena inde mayi, inunso muli momwemo, ndipo sindikupepesa. Koma ana anga aja akafika kwawo ankatha kukana therere. Uyu sangathe. Inde wakeyo musamuwerengere, ndi pobisalira pake. Ineyo anandipusitsa, ndipo ndikupempha kuti khoti lisapusitsike monga ine."

Loya wa a Hoyt anaimirira mwaulemu. "Bwana woweruza, mayiwa tonse timawalemekeza. Koma titaye mawu a mwana, amene wawanena katatu, chifukwa cha nsapato zothina? Mwanayu sanakanepo kubwerera kwawo, ngakhale kwa mayi omwewa."

"Ndi zoona zimenezo, Mayi Ozella?" anafunsa woweruza.

"Ndi zoona, bwana. Sanakanepo."

Anakhala pansi mtima ukuwawa. Anaona a Calloway akusisita chipumi, ndipo popeza ankamudziwa Dewey kuyambira ali wamamina, anadziwa kuti akufuna kuwathandiza koma alibe pogwira.

A Hoyt akanangokhala chete, bwenzi atapita naye mwana tsiku lomwelo. Koma munthu wozolowera kuyankhidwa sapirira. Anatembenuka pampando, namwetulira, nalankhula ndi mawu ofewa ngati a m'pemphero.

"Lanie, mwanawe, tangowauza anthuwa tizipita. Ukufuna kubwera kunyumba, si choncho?"

"A Grimsley, simukuloledwa kulankhula ndi mwanayo," anatero woweruza, koma funso linali litafika kale.

Mayi Ozella anachita chinthu chovuta kuposa zonse zimene anachitapo. Sanatembenuke. Anayang'ana pawindo, monga ankayang'anira kumsewu pakhonde paja, kuti wina asadzanene kuti anamukodola mwana ndi maso. Kenako, kuchokera kumbuyo, kunamveka kamawu kakang'ono, kosasa ngati ka munthu amene wadwala nthawi yaitali.

"Ayi bambo."

Mayi Ozella atatembenuka anapeza mwanayo palibe pabenchi. Anali atatsetserekera pansi, atagwada, mutu ataufunditsa ndi mikono, msana ataupereka, akudikira. Palibe anamuuza kutero, thupi lake linkadziwa lokha chimene chimabwera pambuyo pa mawu amenewo. Ndipo chipinda chonse chinaona chinthu chinanso. Dzanja la a Hoyt linali litapita lokha m'chiuno, pachitsulo cha lamba wawo. Iwo eni ataliona analichotsa msanga, koma anthu a mpingo aja anali atawerama kale.

A Calloway anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Atalankhula, mawu awo anali olemera. Anagamula kuti Lanie apitirize kukhala kwa a Tolbert, ndipo amalume ake asamuone pokhapokha mwanayo atafuna yekha, pali munthu wa boma. Kenako anapempha kansalu kopukutira m'mphuno.

Mayi Ozella sanadikire kuti khoti litsekedwe. Anapita kukagwada pambali pa mwanayo, osamukhudza, nanong'oneza.

"Lanie. Wafa ngati?"

Mikono ija inatseguka pang'ono, diso limodzi linasuzumira. Anayang'ana uku ndi uku, anadzigwira kumsana.

"Ayi mayi."

Panja, pamasitepe a khoti, Mayi Tolbert atapita kukatenga galimoto, awiriwo anakhala pansi atayang'ana kumsewu monga mwa chizolowezi chawo. Mayi Ozella anapisa m'chikwama natulutsa kathumba kaja.

"Tiye tiswe mtedza wathu, lero tagwira ntchito."

Lanie anayang'ana kathumbako.

"Ayi mayi."

"Wakhuta?"

"Ayi mayi. Sindiukonda. Umanunkha ngati masokosi onyowa."

"Iwe mwana iwe! Miyezi yonseyi wakhala ukumeza mtedza wanga ukunyansidwa nawo?"

"Inde mayi," anatero Lanie, ndipo kwa nthawi yoyamba anaseka, mano awiri akutsogolo palibe.

Galimoto inabwera, mwana anakwera napita. Mayi Ozella anatsala pamasitepe paja akuswa mtedza wawo okha, akuseka, misozi ikugwera m'kathumba momwemo. Wapolisi wa pakhomo la khoti, chimunthu chachikulu chimene chinkakhala mpando wachitatu pa basi ija, anabwera kudzaona ngati zili bwino. Iwo anamugwira mkono namugwedeza.

"Wamva iwe? Wakana! Mwana wanga wakana mtedza wanga, pamaso panga penipeni!"

Wapolisiyo sanamvetse kanthu, koma anavula chipewa.

"Inde mayi," anatero.